Kodi timapiri ta ski tapafupi tili ndi tsogolo? Yankho kwa mayi wa ku Dundee

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina, Mmalawi mnzathu amene akugwira ntchito ya unamwino ku Dundee, m'dziko la Scotland. Ndaifupikitsa. Akuti ana awo awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 11, sakuwapatsa mpata wopuma: akufuna kuphunzira ski, masewera otsetsereka pa sinowo m'mapiri, chifukwa nyengo yozizira ikafika anzawo akusukulu sakamba nkhani ina. Mayiwa ataona mtengo wa ulendo wa sabata imodzi ku mapiri a Alps anangotseka kompyuta. Mnzawo wakuntchito anawauza za Glenshee, malo a ski omwe ali pafupi, koma wina anawagwetsa ulesi kuti malo ang'onoang'ono otere akufa, sinowo sakugwanso ngati kale, ndiye kuli bwino asunge ndalama n'kudzapita "kumalo enieni". Funso lawo ndi lakuti: timalo timeneti tili ndi phindu lanji, ndipo kodi tidzakhalapobe anawa akamadzakula?

Mayi, zikomo polemba. Atengeni anawo mupite nawo ku Glenshee. Amene anakugwetsani ulesiyo sananame pa zonse, ndipo ndifika pamene ananena zoona, koma pa nkhani ya kumene mwana angaphunzirire ski anakusokeretsani.

Ski ndi luso la miyendo, komanso la kugonjetsa mantha. Mwana amalidziwa pogwa, kudzuka, kugwanso, kenako n'kubwereranso Loweruka lotsatira thupi lisanaiwale. Masiku oyambirira onse amathera pa kamtsetse kosatsika kwambiri, kotalika mwina ngati bwalo la mpira limodzi kapena awiri, akuphunzira kuima ndi kukhota. Malo otchuka a Les Trois Vallées ku France ali ndi njira zotsetserekamo zokwana makilomita pafupifupi 600. Mukapita kumeneko ndi ana ongoyamba kumene, mulipira ndege, malo ogona ndi chakudya cha mtengo woboola m'thumba, koma anawo akatsekerezedwa pa kamtsetse kofanana ndi kamene mwakasiya ku Scotland. Makilomita enawo azikangowaona ndi maso. Pomwe kuchoka ku Dundee kudzera ku Blairgowrie, ola limodzi ndi pang'ono mwafika ku Glenshee, madzulo mwabwerera kukadya nsima kunyumba.

Akatswiri ambiri a masewerawa anachokera m'timalo tonyozeka ngati timeneti. Dave Ryding, amene mu January 2022 anapambana mpikisano wa slalom (wotsetsereka mokhotakhota pakati pa timitengo) ku Kitzbühel ku Austria n'kukhala munthu woyamba wa ku Britain kupambana mpikisano wa World Cup wa ski yotsetsereka m'mapiri, anaphunzirira ku Pendle ku Lancashire, pa chitunda choyalidwa pulasitiki, popanda sinowo n'komwe. Lindsey Vonn wa ku America anayambira pa Buck Hill ku Minnesota, kachitunda kotalika mamita pafupifupi 100 okha. Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya banja la a Cochran ku Richmond, m'chigawo cha Vermont. Mu 1961 a Mickey ndi a Ginny Cochran anamanga chingwe chokoka anthu pa chitunda cha kuseri kwa nyumba yawo kuti ana awo azichitirapo masewera akaweruka kusukulu. Ana a anansi anayamba kubwera nawonso. Mwana wawo Barbara Ann anakatenga mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Sapporo mu 1972, ndipo patatha zaka 50 mdzukulu wawo, Ryan Cochran-Siegle, anatenga ya siliva ku Beijing. Malowo akadalipo, ndipo akuyendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, cholinga chake chili chophunzitsa ana a m'deralo pa mtengo wotsika.

Sindikunena kuti ana anu akhale akatswiri a Olimpiki ayi. Ndikungoti chimene chimapanga munthu wodziwa ski ndi kuyandikira kwa phiri, osati kukula kwake.

Palinso china chimene malo akuluakulu alibe. Pamalo ang'ono, wogwira ntchito pa lifiti yokweza anthu paphiri amazindikira nkhope ya mwana wanu pofika masana. Njira zambiri zimatsikira pamalo amodzi, moti wamkuluyo mutha kumusiya azikwera yekha inu mukumwa tiyi pawindo. Palibe amene amayang'ana ngati jekete lanu ndi la chaka chino. Kwa ife amene tinakulira kumene sinowo tinkangomuona pa makadi a Khirisimasi, ndipo timafika pamalo otere tili ndi manyazi a mlendo, zimenezi si zazing'ono.

Tsono tibwere kwa mnzanu amene anakugwetsani ulesi uja.

Scotland ili ndi malo asanu a ski a m'mapiri: Glenshee, Cairngorm pafupi ndi Aviemore, Glencoe, Nevis Range pafupi ndi Fort William, ndi The Lecht. Akale kwambiri ndi Glencoe, kumene chingwe choyamba chokoka anthu chinamangidwa mu 1956. Glenshee ndiye aakulu pa onsewa, ndipo ali mbali zonse ziwiri za msewu wa A93 pamene umadutsa pa Cairnwell Pass, pa mamita 670 kuchokera pa nyanja yamchere. Taganizani: Lilongwe ndi Blantyre ali pamwamba kuposa pamenepo, ndipo phiri la Zomba ndi lalitali kuposa Ben Nevis, lomwe ndi lalitali pa mapiri onse a ku Britain. Sinowo wa ku Scotland amabwera chifukwa dzikolo lili kumpoto kwambiri, osati chifukwa mapiri ake ndi aatali. Vuto lagona pamenepo. Mpweya wofunda wochokera ku nyanja ya Atlantic ukangowomba usiku umodzi, kuzizira kumachepa ndi madigiri ochepa chabe, sinowo n'kusanduka mvula, ndipo zimene zinagwa sabata yonse zimapita ndi madzi. Onjezanipo mphepo. Pamwamba pa Cairn Gorm ndi pamene panayezedwa mphepo yamphamvu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya Britain, ya liwiro la makilomita 278 pa ola, mu March 1986. Masiku ena sinowo alipo wambiri koma malifiti sangayende, kapena apolisi atseka zipata za msewu ku Spittal of Glenshee ndi ku Braemar.

Choncho zaka sizifanana. Nyengo ya 2009 kulowa 2010 inali ya sinowo wochuluka zedi. Ya 2016 kulowa 2017 inali yomvetsa chisoni. Kumayambiriro kwa 2021 sinowo anagwa wambiri, koma malo onse anali otsekedwa chifukwa cha Covid, eni ake n'kumangoyang'ana ndalama zikusungunuka paphiri. Kusinthasintha kotereku kunalipo kuyambira kale, koma kutentha kwa dziko kukuchititsa kuti zaka zoipa zizibwera pafupipafupi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2023 m'magazini ya Nature Climate Change anaunika malo a ski 2,234 m'mayiko 28 a ku Ulaya. Anapeza kuti dziko likatentha ndi madigiri 2, malo 53 pa 100 aliwonse adzakhala pa chiopsezo chachikulu chosowa sinowo ngati sadzipangira okha, ndipo likatentha ndi madigiri 4 chiwerengerocho chidzafika 98. Ku France ena atseka kale: La Sambuy, pafupi ndi Annecy, anatsekeratu mu 2023 khonsolo ya m'deralo itaona kuti singapitirize kubweza ndalama zotayika chaka ndi chaka.

Mpaka apa mnzanuyo walondola. Koma mawu akuti "malo ang'onoang'ono akufa" amasonkhanitsa zinthu zosiyana m'dengu limodzi. Ine m'kuona kwanga, chimene chimapha malo a ski si kuchepa kwake, koma ngongole ndi zitsulo zodula zimene zimafuna ndalama kaya sinowo wagwa kaya sanagwe. Onani Cairngorm. Mu 2001 anatsegula sitima yokwera phiri yokokedwa ndi chingwe. Mu 2018 anaitseka chifukwa mizati ya njanji yake inapezeka ndi zovuta, kukonza kwake kunadya mapaundi pafupifupi 25 miliyoni a boma, inatsegulidwa mu January 2023, n'kutsekedwanso mu August chaka chomwecho kuti aikonzenso. Pomwe kumpoto kwa England kuli timagulu ta anthu odzipereka tomwe sitikongola kubanki. Lake District Ski Club inayamba mu 1936 ndipo ili ndi lifiti imodzi pa phiri la Raise, pafupi ndi Helvellyn. Kuti mukafike pa lifitiyo mumayenda pansi pafupifupi ola lathunthu, ski zili paphewa. Ku Yad Moss pafupi ndi Alston, ndi ku Weardale, n'chimodzimodzi: mamembala amakonza okha mipanda yotchinga sinowo m'chilimwe, sinowo akagwa amatsegula, akapanda kugwa amadandaula n'kudikira chaka chamawa. Chaka choipa chimawapweteka mtima koma sichiwagwetsa, chifukwa alibe antchito ambirimbiri oti awalipire. Amene ali pa moto weniweni ndi apakatikati: otsika moti sinowo sangamudalire, koma aakulu moti ayenera kulipira malipiro, inshuwalansi ndi magetsi nyengo yonse.

Apakatikatiwa akuyesa njira ziwiri. Yoyamba ndi kupanga okha sinowo. Makina wamba opopera madzi m'mwamba amafuna kuti kuzizire kupitirira pamene madzi amaundana, zomwe ku Scotland sizodalirika. N'chifukwa chake Glencoe, The Lecht ndi Cairngorm anagula makina otchedwa Snowfactory, omwe amaundanitsa madzi mkati mwa kontena n'kuwalavula ngati tizidutswa ta ayezi ngakhale kunja kuli kofunda. Amadya magetsi kwambiri ndipo sangakute phiri lonse, amangokwanira kamtsetse ka ophunzira. Kwa katswiri zimenezo ndi zogwetsa ulesi. Kwa inu, mayi, ndi nkhani yabwino, chifukwa kamtsetse komweko ndi kamene ana anu akufuna. Njira yachiwiri ndi kupeza ndalama m'chilimwe. Nevis Range, yomwe inatsegulidwa mu 1989, imanyamula alendo okaona mapiri pa gondola yake (timabokosi toyenda m'mwamba pa chingwe) chaka chonse, ndipo Fort William inayamba kuchititsa mpikisano wa World Cup wa njinga zotsika phiri mu 2002. Glencoe ili ndi njira za njinga, malo ogona ndi odyera a anthu odutsa pa msewu wa A82. Malo amene adzapulumuke, ndikuganiza, ndi amene avomereza kuti ski ndi gawo limodzi chabe la bizinesi yawo.

Ku America kuli chinthu china chimene chikubwezera anthu ku timapiri tapafupi. Makampani awiri akuluakulu, Vail Resorts ndi Alterra, amagulitsa matikiti a nyengo yonse, Epic ndi Ikon, ndipo tikiti ya tsiku limodzi pamalo awo otchuka inakwera kupitirira madola 250 pa masiku otanganidwa. Banja longofuna kuyesa silingayambire pamenepo. Malo odziimira paokha anayankha mu 2019 ndi Indy Pass, tikiti imodzi yolowera m'malo ambiri otere, ndipo ena anagulidwa ndi anthu amene amaseweramo, monga Mad River Glen ku Vermont, yomwe inakhala kopaletivu mu 1995.

Abale a ku Joni amene mukuwerenga nawo, inunso muli ndi kanu. Afriski ili m'mapiri a Maloti ku Lesotho, pamwamba pa mamita 3,000, ulendo wa maola pafupifupi asanu pagalimoto kuchoka ku Johannesburg. Nyengo yake ndi June mpaka August, njira yake yaikulu ndi yotalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo imadalira kwambiri sinowo wa makina. Yambani mwafunsa ngati atsegula musananyamuke.

Ndiye kodi Glenshee idzakhalapo ana anu akamadzakula? Ndikuyembekeza kuti inde, koma nyengo yake idzakhala yaifupi ndi yodukizadukiza, ndipo zaka zina idzatsegula masiku ochepa. Izi zikusintha mmene muyenera kukonzekera. Sinowo wa ku Scotland mumutenge ngati mvula yobzalira: ikagwa usiku, m'mawa khasu paphewa, osati kunena kuti ndinakonza zodzabzala pa 15. Musalipiriretu tsiku la mwezi wamawa. Kuyambira January mpaka March muziona tsamba la Glenshee ndi makamera awo Lachinayi ndi Lachisanu, muonenso ngati msewu ndi wotsegula. Ntchito yanu ya mashifiti ingakuthandizeni apa, chifukwa mkati mwa sabata ana akakhala pa tchuthi, kapena Loweruka m'mamawa kwambiri, mizere imakhala yaifupi kusiyana ndi masana a tsiku ladzuwa pamene Dundee, Perth ndi Aberdeen yense wakhamukira kumeneko.

Sinowo asanabwere, alembetseni maphunziro angapo pa chitunda cha pulasitiki. Cha ku Hillend, kunja kwa Edinburgh, ndi chimodzi mwa zitalizitali ku Ulaya ndipo chimagwira ntchito chaka chonse. Akafika paphiri adzakhala akudziwa kale kuvala nsapato zolemerazo ndi kuima, ndipo simudzataya tsiku la sinowo wabwino pophunzira zimenezo. Ski, nsapato ndi chipewa choteteza mutu bwerekani konko, musagule, popeza mapazi a ana a msinkhu umenewo sakhalitsa pa saizi imodzi. Ndalama ikani pa magolovesi osalowa madzi, thalauza ndi jekete zotchinga mphepo, ndi magalasi otchinga maso, ndipo zambiri mwa izi mungazipeze za kaunjika m'mashopu a mabungwe achifundo. Munyamule zovala zina zouma m'galimoto, fulasiki ya tiyi ndi chakudya. Mphunzitsi mulipireni, ngakhale wa maola awiri okha. Ndipo ngati bondo likulola, mufunse ngati m'kalasi ya akuluakulu ongoyamba kumene muli malo, chifukwa kudikira ana pawindo tsiku lonse kumazizira kuposa kugwa nawo limodzi.