Yankho: RAID 10 ndi RAID 6 zikufanana liwiro pa ma SSD?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe RAID 10 ndi RAID 6 (njira zolumikizira madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi) zikukupatsani liwiro lofanana mukayesa ndi fio, pulogalamu yoyesera liwiro la madisiki. Ndikuganiza kuti ma SSD anuwo (madisiki opanda mbale yozungulira mkati) ndi atsopano, ndipo mukuyesa kwa mphindi zochepa, ndiye zonse zikungothera mu cache, malo achangu osungirako deta kwakanthawi. Yambani mwadzaza madisikiwo kawiri, kenako muyese random write ya 4K (kulemba tizidutswa ta 4 KB m'malo osiyanasiyana a disiki) kwa maola angapo. Apo kusiyana kuoneka: pa kulemba kumodzi, RAID 10 imakhudza madisiki ka 2, RAID 5 ka 4, RAID 6 ka 6. Deta yoyeserayo isakhale maziro okhaokha, chifukwa makina ena amaifinya n'kukupusitsani.

Ndiyeno zulani disiki imodzi mwadala, muone latency (nthawi imene madisiki amatenga kuti ayankhe) pamene makina akuimanganso. Ine ndimadalira nambala imeneyi kuposa ma IOPS (kuchuluka kwa maulendo owerenga kapena kulemba pa sekondi) a m'kabuku ka wogulitsa.