Mpweya wotentha kapena wotenthetsa?

Funso: Ndimaphunzitsa jogalafe ku Nkhotakota. Pofotokozera ana za greenhouse effect, momwe mipweya ina imasungira kutentha pa dziko, ndimati "mpweya wotentha". Amalume anga amatsutsa, akuti dziko likutentha chifukwa cha moto wa pansi pa nthaka, umboni wake ndi akasupe a ku Mawira. Kodi mawu angawa ali bwino?

Yankho: Aphunzitsi, mawu anuwo ndi amene akuwapatsa amalume poyambira. Mpweya wotentha ndi uja umawomba ku Chikwawa mu Okutobala. Carbon dioxide ndi methane, mipweya imene mukuinenayo, sizitentha pazokha. Dzuwa limawotcha nthaka, nthaka imabweza kutenthako kumwamba, ndiye mipweyayi imakugwira n'kubwezera kwina pansi. Chichewa chili kale ndi msintho wochititsa wa mneni: kutentha, kutenthetsa. Nenani "mipweya yotenthetsa dziko", kapena "mipweya yosunga kutentha". Pa wailesi mumamva "mpweya woipa". Ine sindiwakonda mawu amenewa: chimanga chimakula ndi carbon dioxide yemweyo, komanso mukawanena m'kalasi ana aseka poganiza zina.

Tsono amalume sananame zonse. Pansi pa nthaka pamatenthadi, ndipo m'malo ambiri kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene mwatsika. Mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa ndi wakuya pafupifupi makilomita 4, ndipo thanthwe lake limafika madigiri 60, moti amachita kuuziziritsa ndi madzi oundana kuti anthu agwire ntchito. Akasupe a ku Mawira ndi ku Chiweta ali m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, kumene thanthwe linang'ambika. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu, amakatenthedwa kutali pansi, n'kutumphukanso. Ku Olkaria m'dziko la Kenya nthunzi yotere imapukusa makina a magetsi.

Koma kutentha kumeneku n'kochepa zedi mukakugawa dziko lonse. Kutentha kumene dziko limamwa kuchokera ku dzuwa kumaposa kwa pansi pa nthaka kopitirira ka 2,000. Afunseni amalume za madzi akuya: moto wa pansi ukanakhala wolamulira, bwenzi pansi pa nyanja zamchere pakufunda, koma madzi a kumeneko amazizira, madigiri 4 kapena kucheperapo. Nyanja ya Malawi, imene kuya kwake kumafika mamita 700, pansi pake pali madigiri pafupifupi 22, pamene pamwamba m'nyengo yotentha pamafika 28. Komanso moto wa pansiwo sunawonjezeke m'zaka 150 zapitazi. Chomwe chawonjezeka ndi carbon dioxide mumlengalenga, kuchoka pa magawo 280 pa miliyoni kufika popitirira 420. Nkhaniyi si yadzulo: wasayansi John Tyndall anayeza mu 1859 momwe mpweyawu umagwirira kutentha.

Funso: Polemba za akasupewa, ndinene kuti madzi ake ndi ofunda, otentha kapena owira?

Yankho: Zitengera chala chanu. Ofunda ndi aja mayi amayesa ndi chigongono asanasambitse khanda. Otentha mumalowetsamo chala n'kuchitulutsa msanga. Owira ndi amene afika pophikira nsima, madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ocheperapo pang'ono kumtunda ngati ku Dedza. Vuto ndi loti "kuwira" timanenanso madzi akamabwata thovu potuluka pansi, ngakhale asanafike pamenepo. Polemba za sayansi, tsono, kasupe muzimutcha wotentha; muzimutcha wowira pokhapokha mwamuyeza n'kupeza kuti wawiradi.

Funso: Cholondola n'chiti, "madzi wotentha" kapena "madzi otentha"?

Yankho: Madzi otentha. Onani mgwirizano: timati madzi a, akasupe a, choncho "otentha". Timati mpweya wa, kasupe wa, choncho "wotentha". Ambiri amalemba w paliponse chifukwa polankhula mwachangu khutu silisiyanitsa.