Mawu a m'khoti pomasulira mafilimu a milandu

Funso: Ndimamasulira mafilimu m'Chichewa. M'mafilimu a ku America mumakhala anthu 12 pambali m'khoti, amene amanena ngati munthu walakwa. Kodi ndiziwatcha oweruza?

Yankho: Ayi, musatero, chifukwa oonera adzasokonezeka akaonanso jaji pampando wake. Anthu 12 aja ndi nzika wamba zosankhidwa kuti zimve umboni n'kugamula ngati ndi wokwanira kuti munthu apezeke wolakwa. Jaji amatsogolera mlandu, amalola kapena kukana umboni, ndipo nthawi zambiri ndiye amapereka chilango. Anthu 12 aja akangoonekera koyamba nenani kuti "gulu la nzika zomva mlandu", kenako muzingoti "gululo". Filimu ya 12 Angry Men ya mu 1957 pafupifupi yonse ndi mkangano wa gulu lotere, ndipo palibe jaji m'chipinda chimene akukanganiramo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chigamulo chawo. Omasulira ambiri amati "ndi wosalakwa", pamene gululo langonena kuti boma lalephera kupereka umboni wosasiya chikayiko. Mawu oyenera ndi akuti "sanapezeke wolakwa". Kusiyanaku n'kofunika, pakuti mafilimu ambiri amathera pamenepa: munthu wamasulidwa koma woonera akudziwa kuti anapalamuladi. Mukati "wosalakwa", mwaiphera nkhani yonse.

Dzina la munthuyo lizisinthanso mlandu ukamayenda. Apolisi akamafufuza ndi woganiziridwa, akafika kukhoti ndi woimbidwa mlandu, ndipo chigamulo chikamugwera ndi wopezeka wolakwa. Musamutche mbava kapena chigawenga ngati wosewera sananene yekha mawu otero.

Funso: Nanga loya akadzuka mwadzidzidzi n'kudula mnzake pakamwa, jaji n'kuyankha liwu limodzi, ndinene bwanji?

Yankho: Loyayo anene kuti "Ndikutsutsa funsoli, bwana woweruza." Vuto lili pa yankho la jaji. Mukangoti "ndavomera" kapena "ndakana", woonera sadziwa ngati wavomera funsolo kapena kutsutsako. Onjezani chotsatira chake: akagwirizana ndi wotsutsa, "Funsolo lisayankhidwe", akamukanira, "Mboni iyankhe." Onani kuti timati mboni iyankhe, mboni ziwiri zafika, koma loya ayankhe, maloya awiri afika. Musaiwalenso kusiyanitsa loya woimira boma ndi loya woimira woimbidwa mlandu, chifukwa "loya" yekha satiuza mbali imene munthu ali.

Funso: Mawu amene wapolisi wa ku America amanena pomanga munthu, ndigwiritse "uli" kapena "muli"?

Yankho: Mawuwa ndi chenjezo la lamulo, lochokera pa chigamulo cha khoti lalikulu kwambiri la ku America pa mlandu wa munthu wina dzina lake Miranda mu 1966. Ngakhale wapolisiyo atakwiya, gwiritsani ntchito ulemu: "Muli ndi ufulu wosalankhula kanthu. Chilichonse chimene munganene chikhoza kukhala umboni wokutsutsani m'khoti." Sungani "iwe" pa malo amene wapolisiyo akukalipa ndi mawu akeake.