Mnyamata wa zaka 14 angadzakhale katswiri wa piyano?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Mnyamata wawo wa zaka 14 amaimba kiyibodi kutchalitchi, ndipo sanaphunzitsidwepo, amangomva nyimbo n'kuitsatira. Wakhala akuonera Lang Lang, katswiri wa piyano wa ku China, pa YouTube, ndiye akuti akufuna kudzaimba piyano m'maholo akuluakulu. Mayiwa akufunsa ngati sanachedwe, komanso ngati ntchitoyi ingamudyetse.

Mayi, sindikubisirani. Ambiri amene amafika kumeneko amayamba akadali makanda. Lang Lang anabadwa mu 1982 ku Shenyang, anayamba piyano ali ndi zaka 3, ndipo mu 1999 anatchuka ataimba ndi Chicago Symphony Orchestra m'malo mwa André Watts amene anadwala.

Koma ine ndimakonda kutchula katswiri wina wa piyano, Sviatoslav Richter. Iyeyu zambiri anadziphunzitsa yekha, n'kukalowa sukulu ya nyimbo ya Moscow Conservatory mu 1937 ali kale ndi zaka 22. Asanapite kumeneko ankaimbira piyano oimba a opera ku Odessa akamayeserera, ndipo chinamunyamula n'chakuti ankawerenga manotsi a nyimbo iliyonse imene amuikira patsogolo. Apa ndi pamene mwana wanu ayambire. Khutu ali nalo, ndi mphatso, koma nyimbo za Bach kapena Chopin, akatswiri akale opeka nyimbo, sungaziimbe pongomvera. Dzanja lamanja ndi lamanzere lililonse lili ndi mzere wake wa manotsi, ndipo sol-fa imene timagwiritsa ntchito m'makwaya athu siimufikitsa kumeneko. Asiyenso batani la transpose, lija losinthira kiyi ya nyimbo pa kiyibodi. Batani limeneli lalemaza anyamata ambiri aluso, chaka chonse amangoimba mu kiyi imodzi.

Chachiwiri ndi chida. Kiyibodi ya kutchalitchi nthawi zambiri imakhala ndi makiyi 61 opepuka. Piyano ili ndi makiyi 88, ndipo kiyi iliyonse imaponya kanyundo pa nsambo, moti kukweza kapena kutsitsa mawu kumachokera m'chala. Luso lonse lagona pamenepo: nyimbo izimveka pamwamba, dzanja linalo likuperekeza chapansipansi. Mukamasunga ndalama, sungirani piyano yamagetsi ya makiyi 88 olemera. Piyano yamatabwa sigwirizana ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu, nsambo zimasokonekera msanga ndipo woikonza sapezeka wamba.

Mupezereni mphunzitsi wodziwa manotsi, funsani kwa oimba limba m'mipingo. Ayambe ndi tinyimbo tating'ono ta Bach ndi masonatina a Clementi, zonse zilipo zaulere pa webusaiti ya IMSLP. Mabuku a ABRSM, bungwe la ku Britain lolembetsa mayeso a nyimbo, kuyambira Grade 1 mpaka 8, amuonetsa pamene wafika.

Za kudya: ngakhale ku Ulaya ndi ochepa amene amakhalira makonsati okha. Ambiri amaphunzitsa ndi kuimbira makwaya ndi oimba ena. Sukulu asasiye, ndipo akamaliza Fomu 4 mukafunse za maphunziro a nyimbo ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe.