Kodi zimene ndinaika mu GRUB zifufutika ndikasamukira ku Ubuntu 24.04?

Mwa makalata a sabata ino muli ya m'bale wina amene laputopu yake ili ndi Ubuntu 22.04, ndipo akufuna kusamukira ku 24.04. Akuti mnzake anamuikira mawu akuti nomodeset mu GRUB, pulogalamu imene imayambitsa Ubuntu kompyuta ikamayaka, chifukwa sikirini inkangoti bii akayatsa kompyuta. Akuopa kuti mawuwo afufutika posamuka, mdima n'kubwereranso.

Achimwene, musanakhudze kalikonse, tsegulani terminal, windo lolembamo malamulo, mulembe cat /proc/cmdline. Mzere umene utuluke ndi mawu enieni amene kernel, phata la Ubuntu loyendetsa zipangizo za kompyuta, inalandira poyaka lero. Ulembeni papepala, ndipo failo ya /etc/default/grub muikopere pa flash. Musavutike ndi /boot/grub/grub.cfg, imeneyo imalembedwanso nthawi iliyonse lamulo la update-grub likayenda, zanu zonse n'kupita.

Kusamuka kuli mkati, kompyuta ikhoza kuima n'kukufunsani kuti failo ya GRUB munaisintha, ndiye isunge yanu kapena iike yatsopano? Munthu akhoza kutaya zinthu pomwepa ngati, atatopa ndi kudikira, angosankha yatsopano osawerenga. Pali mwayi woona kusiyana kwa mafailo awiriwo, uoneni kaye. Ine ndimakonda kupewa funsoli: ndimapanga kafailo kanga mu /etc/default/grub.d/, dzina lake lothera ndi .cfg, n'kuika mawu anga mmenemo, kenako sudo update-grub. Pamwamba pake ndimalemba mzere woyamba ndi # wonena tsiku, vuto limene linalipo ndi kernel imene inali m'kompyuta. Mnzanu uja akanachita izi, bwenzi mukudziwa chimene ankazimitsa.

Koma funso langa kwa inu ndi ili: nomodeset ikufunikabe? Mawuwa amaletsa kernel kuyendetsa yokha khadi ya zithunzi. Sikirini imayaka, inde, koma nthawi zambiri zilembo zimakula, kuwala kumakana kusintha, projekita osagwira. Ndi bandeji basi. Ubuntu 22.04 inatuluka ndi kernel 5.15 pomwe 24.04 inabwera ndi 6.8, ndiye n'kutheka kuti bala lija linapola kalekale.

Mukasamuka, yesani popanda kusintha failo iliyonse. Poyatsa, gwirani Shift, kapena dinani Esc ngati kompyuta yanu ndi ya UEFI (njira yatsopano yoyatsira makompyuta), kuti menyu ya GRUB ioneke. Dinani e, pezani mzere woyamba ndi linux, fufutani nomodeset, kenako Ctrl+X. Kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha. Zikakanika, zimitsani n'kuyatsanso, zonse zibwerera mwakale. Mawuwo akasowa n'kukusiyani mumdima, njira ndi yomweyi: alembeni pa mzere womwewo, pafupi ndi mawu akuti quiet splash.

Chinanso, muone mzere umene mnzanuyo anawaikapo mu /etc/default/grub. A mu GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT sagwira ntchito mu recovery mode (kuyatsa kompyuta mwapadera kuti muikonze), pomwe a mu GRUB_CMDLINE_LINUX amagwira konsekonse. Amene muli pa Fedora, mtundu wina wa Linux, update-grub kulibe kwanuko. Kumeneko mawuwa amakhala mu /boot/loader/entries, ndipo mumawasintha ndi lamulo la grubby.