Yankho: Phindu la golosale ya kopaletivi limagawidwa bwanji?

Achimwene, mwafunsa ngati amene wagula masheya ambiri ndiye amalamula golosale yanu ya ku Dwangwa. Ayi. Pamsonkhano waukulu wa pachaka membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi sheya imodzi kapena makumi asanu. Lamulo la makopaletivi la 1998 limafuna anthu osachepera khumi kuti mulembetse kuboma.

Phindu silimagawidwa lonse. Yambani mwalipira lendi, wogulitsa ndi mayendedwe a katundu, kenako musungeko ndalama zina. Zotsalazo mumagawana potengera masheya komanso kuchuluka kwa zimene munthu wagula m'golosalemo, choncho dzina la membala lizilembedwa m'kabuku nthawi iliyonse akagula.

Chimene chimagwetsa magolosale amenewa ndi ngongole. Membala amatenga shuga, sopo ndi mafuta ophikira n'kumati "ndibweza ndikagulitsa mpunga", wogulitsa n'kuchita manyazi kukaniza bwana wake. Pofika Malichi mashelefu ali mbee. Ikani malire a ngongole m'malamulo anu.

Wogulitsayo asakhalenso msungichuma, ngakhale atakhala mlamu wa tcheyamani. Katundu aziwerengedwa Loweruka lililonse ndi anthu awiri akomiti, ndalama zizipita kubanki, zisagone m'dilowa.