Za ma MOSFET amene akungopsa mu inverter

Akulu, mwafunsa komwe mungapeze IRF3205 yeniyeni (mtundu wa MOSFET, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya magetsi) poti zomwe mukuika mu ma inverter zikungopsa. Funso lanu lakwiririka ndi mkangano wa anzathu pa za America ndi China, koma mayiko awiriwo akulimbirana ma chip apamwamba ngati amene kampani ya TSMC imapanga ku Taiwan. IRF3205 ndi yakale. Chikutipweteka kuno ku Chipata ndi katundu wachinyengo.

Yeniyeni ndi ya Infineon, kampani imene inagula International Rectifier mu 2015. Imapirira 55V, ndipo ikatseguka resistance yake (mmene imakanizira magetsi kudutsa) ndi 8 milliohm basi. Yachinyengo mukaiswa mupeza kasilicon kakang'ono kwambiri m'kati, n'chifukwa chake imatentha firiji ikangoyamba kukoka. Ine ndinagulapo khumi pa shopu ina ku Lusaka, zisanu ndi ziwiri zinapsa sabata isanathe, kasitomala wanga mpaka anasiya kundipatsa moni. Zinandiwawa kwambiri.

Masiku ano timaitanitsa ku Mouser kapena LCSC, mashopu a pa intaneti ogulitsa zipangizo zamagetsi, anthu atatu pamodzi, kuti ndalama yotumizira tigawane. Imodzi ikapsa, sinthani mzere wonse wa ma MOSFET ndi ma gate resistor omwe (ma resistor a pa mwendo wolamulira MOSFET), ndipo muyambe mwayesa driver (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa ma MOSFET) musanalumikize batire.